Nthenda Yoonekera Pachitunda

Amene mumakhala m'mbali mwa msewu wa M1 kapena wa kunyanja mudazionapo galimoto izi: zazitali ngati basi yaing'ono, makatani m'mawindo, njinga zomangirira kumbuyo, m'kati muli bedi, mbaula ya gasi, sinki ndi thanki ya madzi. Eni ake amati motorhome, ana a kwathu amangoti galimoto ya nyumba. Zambiri zimakhala pa ulendo wa pakati pa Cairo ndi Cape Town, n'kumapumulira ku Chitimba, ku Kande kapena ku Cape Maclear. Zina zimafika kuno zitatopa, eni akenso atatopa, ndiye zimagulitsidwa.

Imodzi yotere, yopangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, adaigula mlamu wanga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ndalama zonse za penshoni zidathera pamenepo. Maganizo awo adali oti azibwereketsa kwa alendo opita kunyanja, ana apeze fizi. Koma galimoto ija idali ndi nthenda yochenjera. Pachidikha imayenda ngati mkwatibwi. Ikangoyamba chitunda, dalaivala n'kuponda moto, imanjenjemera ngati yagwidwa malungo, makapu n'kumaimba m'kabati. Ukachotsa phazi, zii, bata.

Alamu adagula matayala anayi atsopano. Osasintha. Adasintha mphira zokhalira injini. Osasintha. Pa galaja ina ya m'tauni adaiyendetsa pamsewu wosalala, osamva kanthu, komabe adagamula kuti giyabokosi yatha, ndipo mtengo umene adatchula udachititsa achemwali anga kusiya nsima m'mbale. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alamu adafunsafunsa mpaka adalozeredwa kwa mkulu wina wa ku Ntcheu amene adaphunzira umakaniko pa mabasi a UTM. Ine adanditenga kuti ndizikathandiza kuika miyala kumatayala.

Mkulu uja sadatsegule bokosi la zipangizo. Adangofunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, imadwalira pati?" Atamva kuti pachitunda, adati, "Ndiye tikaionere konko. Wodwala mwendo samuyeza atagona."

Tidatsikira ku Golomoti kuti tikwere Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wochoka kuchigwa cha nyanja kukatulukira pa Masasa, mu M1. Madala adavula nsapato, nakhala pansi pakati pa galimoto, mapazi ali pa chitsulo. Ine adandipatsa kapu ya madzi kuti ndiike patebulo ndi kumaiyang'ana.

Poyamba adati galimoto iime, giya ili pa nyutulo, alamu aponde moto pang'onopang'ono mpaka injini ilire kwambiri. Madzi m'kapu adangoti phee. "Injini tayikhululukira," adatero. Kenaka pachidikha adati tithamange kufika 60, ndipo alamu achotse phazi. Madzi phee. "Matayala nawonso alibe mlandu. Tayala silidziwa ngati mwaponda moto kapena ayi. Likakhala lolakwika limavina pa liwiro lakelo, muponde musaponde, ndipo likakhala lakutsogolo mumalimvera pa chiwongolero. Apa chiwongolero chili chete."

Chitunda chitayamba, madzi adachita timizere tothithikana, pansi ponse n'kumalira ngati njuchi zili m'mphika. Madala adalamula kuti alamu atsitse giya koma liwiro likhale lomwelo. Injini idakweza mawu, koma kunjenjemera sikudasinthe kayimbidwe. Apa mkulu uja adamwetulira. "Mwamva? Sikukutsata injini, kukutsata msewu, koma kukufuna katundu. Wakuba ali kumbuyo kwa giyabokosi."

Zimene adatifotokozera titaima ndizilembe m'mawu anga. Mphamvu ikachoka mu giyabokosi imapita kumatayala akumbuyo kudzera mu chitsulo chachitali chozungulira, chija timati pulopela, mpaka mu difu. Difu imachepetsa liwiro kanayi kapena kasanu. Choncho pa makilomita 60 pa ola, tayala la galimoto yotere likamazungulira pafupifupi ka 7 pa sekondi, pulopela imakhala ikuzungulira ka 30 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake nthenda ya tayala imagwedeza ngati munthu akukudzutsa, pamene ya pulopela imachita nyenyenye m'mapazi ndi m'matako.

Popeza difu imakwera ndi kutsika ndi mabampu, pulopela ili ndi mfundo zopindika, zimene amakaniko amati universal joint: kachitsulo konga mtanda, nsonga zake zinayi zili m'timakapu todzaza tizitsulo tonga singano, tosambira mu girizi. Mfundoyi ili ndi khalidwe limene Robert Hooke wa ku England adalifufuza kale m'zaka za m'ma 1670: ikamagwira ntchito itapindika, mbali yotulutsa mphamvu imafulumira ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Opanga galimoto amathetsa izi poika mfundo zingapo zoyang'anizana bwino, kuti kufulumira kwa ina kufafanizidwe ndi kuchedwa kwa inzake. Zimatheka pokhapokha ngati kupindika kwake kuli kochepa ndiponso kogwirizana.

Tidaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, giya pa nyutulo, madala n'kulowa pansi. Beyaring'i yapakati, ija yokhala m'mphira yogwira pulopela, adaikankha uku ndi uku, ili bwino. Atafika pa mfundo ya kufupi ndi difu adandiitana. "Mwana wanga, inu olemba ndakatulo mumati mumaona zobisika. Tabwerani muone." Pa kapu kamodzi padali fumbi lofiira ngati dothi la katondo. Limenelo ndi dzimbiri la singano zimene zidauma girizi kalekale, n'kumaperana zokhazokha. Atapotoza pulopela ndi manja awiri, idati khwe, pang'ono zedi, koma zokwanira. Popanda katundu kamtandako kamangoyandama. Mphamvu ikabwera kamakanikizidwa pa malo odyekawo, ndiye kuvina kumayamba.

Sadalekere pomwepo. "Chidapha mfundoyi n'chiyani?" Adatiloza masipuling'i akumbuyo, amene m'malo mokhota ngati uta adali ataongoka ngati thabwa. Lole imatsitsa katundu madzulo n'kupuma. Galimoto ya nyumba siitula: bedi, makabati, mabatire, gasi ndi madzi, lita iliyonse kilogalamu imodzi, zakhala pamsana pake usana ndi usiku kwa zaka zoposa 40. Masipuling'i akafooka, kupindika kwa mfundo kumasintha, ndipo pachitunda mphuno ya difu imadzuka chifukwa chitsulo chotopa sichingaigwire. Kusintha kamtanda kokha kukadakhala kuchiza bala munga uli momwemo.

Alamu adafunsa ngati tingapitirire kunyanja kaye, zokonza tidzaone pobwera. Nkhope ya madala idasintha. "Aphunzitsi, pulopela ikaduka ili pa liwiro imakwapula chilichonse pansipa, mapaipi a mabuleki omwe. Ikaduka cha kutsogolo imatha kuzika mu tara ngati mchokolo. Ndiye muganize muli pa kona ya Khwekhwerere, alendo a eni ake ali m'katimo." Palibe adayankha.

Asanamasule, adalemba mzere wa choko pa zigawo za pulopela kuti zidzabwerere momwe zidalili, poti ukaphonya dzino limodzi lokha pobwezera, walenga kunjenjemera kwatsopano. Kamtanda katsopano sikadafike ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi. Masipuling'i adakawapinditsanso ndi kuwonjezera tsamba. Giyabokosi ija, imene idaweruzidwa kuti iphedwe, ikugwirabe ntchito.

Masiku ano achinyamata m'magalaja ali ndi timakina tolumikiza ku kompyuta ya galimoto, ndipo n'tothandiza ndithu. Koma kamtanda kouma kalibe waya woti kadandaulirepo, ndipo galimoto ya 1970 ilibe n'komwe polumikiza. Chotsala ndi njira ya mkulu uja: kupita kumene nthenda imaonekera, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kumasula osalakwa mmodzimmodzi mpaka wolakwa atatsala yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidawafunsa ngati pali amene akumuphunzitsa zimenezi. Adati anyamata amabwera, koma akauzidwa kuti avule nsapato amaseka.

Polipira, alamu adafuna kuwonjezerapo kangachepe kothokoza. Madala adabweza ndalamayo. "Iyi mukagulire pampu ya girizi, aphunzitsi. Mukamathira oyilo watsopano mu injini, muzikumbukiranso a pansi pano."