Wobwebweta Ndani?

Ndili Folomu 1, mphunzitsi wina anatipeza kuseri kwa kalasi, mnzanga akundifotokozera za maliro a agogo ake. Tinali kulankhula Chichewa. Anatikalipira kuti tisiye "gibberish" yathuyo, natipatsa chibalo chotchetcha udzu. Madzulo ndinatsegula dikishonale, ndipo ndinapeza kuti liwulo litanthauza kubwebweta kopanda mutu. Chiyambire tsikulo ndakhala ndikulondola mawu otere kuti ndione kumene anachokera.

Ambiri mwa iwo amangotsanzira phokoso. "Babble" ndi ba-ba-ba wa khanda, ndipo "chatter" poyamba kunali kulira kwa mbalame. Ngakhale Agiriki akale, pomva alendo akulankhula, ankangomva bara-bara, nawatcha "barbaros". M'menemo ndimo munachokera "barbarian", munthu wosachangamuka.

Limene linandiwawa ndi "mumbo-jumbo". M'chaka cha 1738 Mngerezi wina, Francis Moore, analemba za chilombo chovala chigoba chimene anachiona pakati pa Amandinka ku mtsinje wa Gambia. Kwa eni ake chinali chinthu choopedwa, monga gule wamkulu kwathu kuno. Dzina lake litalowa m'Chingerezi linasanduka mbwerera. Apa ndinazindikira kuti nthawi zambiri kubwebweta sikukhala pakamwa pa wolankhula, koma m'khutu la wosamva chinenerocho.

Komabe tisafulumire kuloza chala, pakuti mawu ena akunena ife ophunzira. M'chaka cha 1820 phungu wina wa ku America, Felix Walker, anatopetsa nyumba ya malamulo ndi mawu opanda pake, nati akulankhulira anthu a kwawo ku Buncombe. Pamenepo panabadwa "bunkum". Nalo liwu loti "gobbledygook" analipeka Maury Maverick wa ku Texas mu 1944, atatopa ndi makalata a m'maofesi a boma. Anawafanizira ndi kulira kwa nkhukundembo yodzitukumula.

Tchuthi chapitachi amayi anandifunsa chimene ndikuphunzira kuno. Ndinawayankha ndi mawu akuluakulu, theka Chizungu theka Chichewa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mwatha, bambo? Tsopano tandiuzani chimene mukuphunzira."

Ndinakumbukira mnzanga uja. Tinatchetcha udzu mpaka dzuwa kulowa, osalankhulana, ndipo nkhani ya malirowo sanaimalize. Iye anali ndi chonena, wina nachitcha phokoso. Ine pamaso pa amayi ndinalibe chonena, koma ndinalongolola osapuma.