Chigwiriro cha Tuutuu Yokoka

Ntchito yanga ndi ya matabwa: zitseko, mafelemu, mipando, ndi mabokosi pakagwa zovuta m'mudzi. Shedi yanga ili m'mbali mwa njira yopita ku Mkaika, ndipo mwezi wa Ogasiti, mafumu a kuno ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique akamabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, timipando tathu timayenda malonda kuposa miyezi ina yonse. Koma ilipo ntchito ina yomwe imandipeza mwina kamodzi pachaka, mwina chaka n'kutha osaiona. Ndalama yake ndi yochepa, komabe ikafika ndimatsamiritsa chitseko kukhoma, mwini chitsekoyo adikire. Ntchitoyo ndi yosema mtengo wa mfuti.

Chitsulo cha mfuti ine sindichikhudza. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, Chapter 110, silisewera ndi munthu wosunga kapena kukonza mfuti popanda chilolezo, ndipo ine ndili ndi ana oti ndiwalere. Mwini mfuti amamasula yekha mtengo wothyokawo n'kundibweretsera. Tsiku loyesa abwere yekha ndi mfuti yakeyo pamodzi ndi mapepala ake, aichotse zipolopolo ine ndikuona, akhale pampando mpaka titamaliza, anyamule azipita. Usiku mfutiyo siigona m'shedi mwanga.

Lusoli ndinatengera kwa amalume anga, omwe ankasema matako a gogodela, mfuti zija zothira onga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Gogodela savuta. Mtengo wake ndi umodzi, wautali, wosayenda. Ukalakwitsa pang'ono umamanga ndi waya kapena chikopa, mlenje n'kumapita. Ndinkaganiza kuti mitengo yonse ya mfuti ndi yotero mpaka tsiku lomwe agogo ena ochokera cha ku Sinda anatsika panjinga atanyamula kaphukusi ka chitenje.

"Amisiri, ndamva kuti manja a amalume anu anatsalira kwa inu."

"Timangoyesa, agogo. Tatiyeni tione."

M'chitenjemo munali thako la mfuti lodyedwa ndi chiswe kumunsi, ndi kamtengo kena kobulungira, kotalika ngati chitsononkho cha chimanga, kokhala ndi mizere yozungulira, kong'ambika pakati kuyambira uku mpaka uko. Ndinakatembenuza, ndinasuzumira m'kati mwake, osadziwa kuti kamakhala pati. Agogowo anaseka. Anatambasula dzanja lamanzere m'malere, n'kulikokera kuchifuwa, n'kulibwezanso kutsogolo, pakamwa akuti khwa-khwa.

"Ndi chigwiriro chimenecho. Mfuti yanga ndi yokoka."

Azungu amaitcha pump action, poti dzanja limapita uku ndi uku ngati munthu akupopa njinga. Zipolopolo zimakhala zitandandalika m'kapaipi kapansi pa mpope. Ukakoka chigwirirocho, chikhokho cha chipolopolo chowombedwa chimadumphira kunja. Ukachibweza, chipolopolo china chalowa. Mfuti siichoka paphewa, diso silichoka pa chomwe ukuchalira, chala sichichoka pokhethemulira. Zipolopolo zake ndi tija timati tuutuu, .22, tating'ono, m'mimba mwake mamilimita asanu ndi theka basi. Moto wake suyambira pakati ngati wa mfuti zazikulu, umayambira m'mphepete mwa thako la chikhokho, n'chifukwa chake amati rimfire. N'chifukwa chakenso chikhokhocho sichithiridwanso onga kachiwiri, ndipo eni ake odziwa salola mwana kukhethemula tuutuu yopanda kanthu, poti kansonga kaja kamamenya chitsulo cha mpope n'kuchiphwanya mlomo.

Ya agogowo inali Winchester Model 62, dzina lili lolembedwa pampope ngakhale dzimbiri linali litayamba kulidya. Anati anaigula kwa mlimi wina wa fodya wachizungu yemwe ankasamuka cha ku Fort Jameson, dzina la Chipata masiku amenewo. Pambuyo pake, pocheza ndi eni mfuti ndi kuwerenga zomwe mwana wanga amandipezera pafoni, ndinadziwa mtundu wake wonse. Kholo lake ndi Winchester ya 1890, yomwe anaipanga John Browning wa ku Utah, ndipo zinapangidwa zoposa 800,000. Ku America inali mfuti ya m'misasa ya masewera, anthu kulipira kandalama n'kumawombera tizitsulo toyenda. Iliyonse inkadya mtundu umodzi wokha wa chipolopolo. Ya 1906 ndiyo inayamba kudya zazifupi ndi zazitali zomwe, kenaka mu 1932 kunabwera Model 62, yomwe inapangidwa mpaka 1958. A Remington nawo anali ndi zawo: Model 12 kuyambira 1909, kenaka 121, kenaka 572 Fieldmaster m'ma 1950. Ku Herstal, ku Belgium, kampani ya FN inapanga ina ya Browning yemweyo kuyambira 1922 mpaka 1974, ndipo anthu anaipatsa dzina loti Trombone, kufanizira lipenga lija lokoka la m'bandi ya apolisi. Imeneyo ndinaigwirapo kamodzi kokha, ya mphunzitsi wina wopuma ntchito, yopepuka ngati ndodo ya m'busa.

Amene anaizolowera yokoka samva za mfuti ina. Agogo aja ankati nkhanga zikatera m'munda wa mtedza, woyamba kuwomba ndi gogodela amapha imodzi, zinazo n'kufika ku Mphangwe iye akadatsendera onga. Ya shotigani imadzaza nyama ndi timipira, mwana n'kuthyolerapo dzino. Tuutuu imalira pang'ono, siponda phewa, ndipo yokoka imakupatsa mpata wachiwiri nkhanga isanaganize zouluka. Ilinso ndi bawuti imodzi yaikulu pambali: ukaimasula mfuti imagawika pawiri, n'kukwana m'thumba pakaliyala. Ine mbali ya kusaka sindili nayo chidwi kwenikweni, nyama yanga ndi mbewa za m'malimwe. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti pamfuti zonse zomwe ndazidziwa, iyi yokha ndiyo mtengo wake umagwira ntchito. Pa zinazo mtengo ndi pogwira chabe. Apa mtengo ndiwo umayendetsa chitsulo.

Thako ndinalisema masiku atatu, silinandivute. Chigwiriro ndicho chinandiphunzitsa ulemu. Mtengo woyambirira unali walnut wa ku America, womwe kuno kulibe, choncho ndinasankha mlombwa, uja umatuluka madzi ofiira ngati magazi ukautema. Mlombwa chiswe chimauopa, ndipo ukauma bwino supindika. Mawu ndi akuti ukauma bwino. Ine ndinatenga chidutswa chomwe ocheka matabwa ananditsimikizira kuti chagona chaka, ndinachiboola, ndinasema ngalande yodutsa mpope, ndinadula mizere ndi tupa mmodzimmodzi, ndinapaka vanishi mpaka kuwala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Agogo anayesa, khwa-khwa, anandigwira chanza ndi manja awiri, anapita.

Mu Januwale anabweranso, mvula ili pakati, matope mpaka m'mawondo.

"Amisiri, mwana wanu uja wakana ntchito."

Chigwiriro chinali chitagwira mpope ngati chomata. Ndinali nditachisema chothina kwambiri pofuna kuti chisagwedere, ndipo m'kati mwake sindinapakemo kanthu poganiza kuti palibe adzaonamo. Chinyontho chinalowera m'katimo, mtengo n'kufufuma. Vanishi wakunja uja naye anali atayamba kusupuka, ndiponso agogo anati dzanja likachita thukuta amaterera. Ndinachita manyazi. Ndalama anali atalipira kale, ndipo ine ndinali nditaidya kale.

Ndipamene ndinatenganso chigwiriro chakale chong'ambika chija, chomwe ndinali nditachiponya m'bokosi la zidutswa, n'kuchiyang'ana ngati munthu wofuna kuphunzira. M'kati mwake munali mpata wolowa kapepala kopinda pawiri. Ndinkayesa kuti ndi kutha, koma ayi, anachisiya dala chotero kuti mtengo upume. Kumapeto komwe mabawuti awiri amagwira kachitsulo kokoka, mtengo unali wochindikala pang'ono, poti mphamvu yonse ya dzanja imathera pamenepo. Ndipo mizere ya mbali imodzi inali yosalala kuposa ya mbali inayo, pomwe zala zinayi za agogowo zinakhala zikugwira zaka makumi anayi ndi kuposa. Chala chachikulu chinali chitakumba kadzenje kakekake.

Chachiwiri ndinachisema kuchokera ku felemu ya chitseko cha nyumba yakale yomwe inagwa, mlombwa wouma kuyambira ine ndisanabadwe. Masiku ano ndi komwe mlombwa wabwino ukupezeka, poti kutchire ocheka ndi owotcha makala anatsiriza mitengo ikuluikulu. Ndinatsata mitsempha ya mtengo kuti iyende m'litali, ndinaboola mabowo a mabawuti ndi kachitsulo kakang'ono kaye kuti usang'ambike, ndinasiya mpata uja. M'malo mwa vanishi ndinagula mafuta a linseed ku Chipata, n'kumapaka ndi chikhatho pang'onopang'ono, kunja ndi m'kati momwe, kupukuta, kudikira, mawa lake chimodzimodzi, masabata awiri. Pomaliza ndinawauza agogo kuti agwire maso atatsinzina, ine n'kumapala ndi kagalasi kosweka paliponse pomwe ankati pakuwabaya. Kadzenje ka chala chachikulu ndinakakumbiratu ndekha. Anthu ena angati ndinawononga maonekedwe. Mwini wake sanatero.

Achinyamata ena amandifunsa komwe angagule yotere, poganiza kuti wosema mitengo amadziwanso msika. Ndimawauza zomwe ndimamva kwa eni mfuti obwera pano. Ogulitsa ovomerezeka ali ku Lusaka, pafupifupi makilomita 500 kuchokera kuno, ndipo tuutuu yomwe anthu amabwera nayo kuchokera kumeneko imakhala ya bawuti yokweza ndi dzanja lamanja, makamaka za ku Czech zija za Brno ndi CZ. Ndi mfuti zolunjika, zolimba, zosachedwa kutsuka, sindingazinyoze. Yokoka inagwa pamsika kwawo ku America komweko. M'mimba mwake muli tizitsulo tambiri tofuna kusulidwa ndi kuyenerezedwa ndi manja, ndiye mtengo wake unakwera, pomwe mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo, monga Ruger 10/22 ya 1964, zinabwera zotchipa. A Rossi ku Brazil anakopera Model 62 n'kuipanga zaka zambiri, ndipo a Henry ku America akupangabe yawo, koma ine pano sindinaonepo yatsopano ndi imodzi yomwe. Zonse zomwe zadutsa pabenchi panga ndi nkhalamba zondiposa zaka.

Nazonso zikutha. Zina dzimbiri linadya mpope m'kati chifukwa chogonekedwa kudenga la udzu. Zina kasipuling'i kakathyoka, kwatha, sipeyala kulibe. Zipolopolo ndi ulendo wautali, ndipo sagulitsa kwa munthu wopanda chilolezo. Kusaka nako si kwa kale kuja: lamulo la nyama zakutchire la 2015 limafuna laisensi ngakhale ya mbalame, ndipo nkhanga zenizenizo zinathawa minda itafika m'mapiri. Kale mfuti inkatsata mtundu, mwini akamwalira n'kupita kwa mphwake monga chuma china cha kuchikazi. Boma silidziwa zimenezo. Chilolezo ndi cha munthu mmodzi, ndipo wofuna kulowa m'malo ayambe yekha kupolisi.

Agogo aja anatisiya zaka zingapo zapitazo, bokosi lawo ndinakhoma ndine. Patapita mwezi mphwawo anaima pashedi pano ali panjinga yomwe ija, mfuti atagawa pawiri n'kukulunga m'chitenje, akupita nayo kupolisi ku Katete. Anati mapepala ndi ndalama zake sangazikwanitse, ndipo safuna milandu. Ndinamupempha kuti avundukule ndingoona. Mlombwa unali utada ngati uchi wakale, mizere ya mbali ya zala itayamba kusalala. Anakulunganso, anamanga ndi lamba wa chubu pakaliyala, n'kupalasa kulowera kumsewu wa tala.

Chigwiriro cha walnut chong'ambika chija chili pamsomali pamwamba pa benchi, pafupi ndi sikweya. Mwana yemwe ndikumuphunzitsa ntchito anachitenga tsiku lina kuti asonkhezere moto wa guluu, ndinachita kumulanda m'manja.