Dzino lowoloka chibwano

Ntchito yanga ndi ya mano, ndipo mwana akangoyasamula pampando wanga ndimayamba ndi kuwerenga mano. Ndimasaka makamaka mano awiri osongoka am'munsi, aja timang'ambira nyama, omwe amatuluka mwana ali ndi zaka 9 kapena 10. Akafika zaka 12 dzino laubwana lidakali nji, ndimapapasa nkhama ndi chala kuti ndimve ngati lalikulu likubwera. Ndikapanda kulimva, ndimamutumiza kukajambulitsa X-ray yoonetsa nsagwada yonse.

Kawirikawiri dzinolo limangokhala litakanirira pansi. Koma mwa apo ndi apo chithunzi chimandiimitsa mutu: dzino lagona chopingasa m'fupa, kunsi kwa mizu ya mano akutsogolo, ndipo ladutsa pakati pa chibwano kulowera mbali inayo. Limayenda pang'onopang'ono kwa zaka, mutu patsogolo, mwiniwake osamva kanthu. Ofufuza amazitcha transmigration, dzina lomwe Ando ndi anzake analigwiritsa ntchito mu 1964, ndipo mu 2002 Mupparapu anagawa manowa m'magulu asanu potengera kagonedwe kake. Pa nsagwada yam'mwamba zoterezi n'zosowa kwambiri. Nthawi zina dzino limapatuka chifukwa chotupa chatseka njira, nthawi zina linangoyamba kukula chopendekeka.

Chimene ndimaumirira kwa ophunzira ndi ichi: dzino likawoloka, mtsempha wake umachokerabe kumbali komwe linabadwira. Ukabaya jakisoni wa dzanzi mbali yokhayo imene lagona, wodwala amamvabe ululu pochotsa. Ine ndimabaya mbali zonse ziwiri, ndipo sindigwira mpeni mpaka mlomo wonse wam'munsi utachita dzanzi.

Makolo amafunsa kuti, "Adokotala, simungalibweze pamalo pake?" Likapezeka msanga, lisanagone kwambiri, timatsegula nkhama n'kulikoka ndi mawaya, ntchito ya miyezi yambiri. Likapita patali, kulikoka kumaika pangozi mizu ya mano akutsogolo, ndipo pamenepo ndimayankha kuti, "Mayi, tisaononge mano anayi pofuna kupulumutsa limodzi." Ngati likudya mizu ya anzake kapena lapanga chotupa, ndimalichotsa. Ngati langogona phee, ndimalisiya n'kumalijambula nthawi ndi nthawi. Laubwana lija sindithamangira kulizula: muzu wake ukakhala wolimba, ndimalikonza kuti lifanane ndi linzake, ndipo limatha kutumikira mwiniwake mpaka atakula.