Mtsutso wa za Malo ku Wedza ndi ku Malawi

Boma la Wedza, m'chigawo cha Mashonaland East ku Zimbabwe, ndi limodzi mwa madera omwe Amalawi anakhazikikamo pogwira ntchito m'mafamu a fodya, chimanga ndi ng'ombe, ena atabwera kudzera mwa Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba antchito ku Nyasaland m'nthawi ya atsamunda. Zidzukulu za machona amenewa zaona ndi maso mtsutso umene Malawi sanauchitepo mokwanira, wa pakati pa osunga zakale, amene amati chuma cha dziko chimalimba ngati chikalata cha umwini wa malo chikulemekezedwa ndipo zinthu zikusintha pang'onopang'ono, ndi otsata sosholizimu, chiphunzitso chakuti nthaka ndi ya mtundu wonse ndipo boma liyenera kuigawa kwa oilima.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, mbali ziwirizi zinkamvetserana kuposa mmene ambiri amakumbukirira lero. Robert Mugabe, yemwe chipani chake cha ZANU chinkatsata ziphunzitso za Marx ndi Lenin, anasankha Denis Norman, mtsogoleri wa bungwe la alimi a mafamu akuluakulu, kukhala nduna ya zaulimi, ndipo pangano la Lancaster House la 1979 linamanga boma manja kwa zaka khumi kuti lizigula malo kwa okhawo ofuna kugulitsa. Boma linalonjeza kupereka minda kwa mabanja 162,000, koma pofika mu 1990 linali lisanafike ndi theka lomwe. Mu June 1998 anthu a ku Svosve, moyandikana ndi Wedza, atatopa ndi kulima m'miyala, analowa m'mafamu ozungulira ponena kuti ndi nthaka ya makolo awo. Msonkhano wa za malo wa ku Harare mu September chaka chomwecho unakhazika pamodzi boma, alimi ndi mayiko othandiza, koma mfundo zake zinathera pa pepala, ndipo mu 2000 kukambirana kunasanduka kulanda mafamu mwachiwawa.

Chomwe Mmalawi wa ku Wedza sangaiwale n'chakuti pa mbali ziwirizo panalibe yolankhulira wantchito wa m'komboni. Eni mafamu ankamutchula ngati umboni wakuti mafamu amapereka ntchito, pomwe ogawa malo ankamuyesa mlendo wopanda mudzi, motero ambiri anatsala opanda ntchito, nyumba ndi munda. Lamulo la unzika la 2001 linawalanda mwayi wovota ambiri obadwa kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anawabwezera unzika. Mu 2020 boma linavomera kulipira azungu olandidwa mafamu ndalama zokwana madola 3.5 biliyoni a ku America pa zomwe anamanga pa malowo, zomwe zikusonyeza kuti mbali ziwirizi zimatha kugwirizana zikafuna, ngakhale kuti amene anakumba madamu ndi kumanga zigafa za fodyazo sanali nawo pa panganolo.

Ku Malawi mtsutsowo unazimitsidwa usanayake. Nduna zitagalukira Dr. Hastings Kamuzu Banda mu 1964, maganizo amodzi okha ndiwo anatsala, odana ndi chikomyunizimu ndi okweza maesiteti. Lamulo la mbewu zapadera linaletsa mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa bale, ndipo ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula zokolola zake pa mtengo wotsika, phindu n'kumakatukula maesiteti a akuluakulu. Chiletso cha fodya wa balecho chinayamba kumasulidwa mu 1990. Ntchito ya Kudzigulira Malo, yomwe inayamba mu 2004 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi, potsata njira yomweyo yogula kwa wofuna kugulitsa. Inayenda mwamtendere, komabe kuchepa kwa minda m'mphepete mwa maesiteti a tiyi sikunathe.

Bata la ku Malawi lisayesedwe mgwirizano, chifukwa zipani za kumeneko zimapikisana pa feteleza wotsika mtengo ndi pa zigawo zochokera atsogoleri, osati pa funso la mwini nthaka. Aphungu a ku Lilongwe, mafumu ndi eni maesiteti ayenera kutsegula mtsutsowu poyera nthawi ikadalipo, ndipo matenanti a ku Kasungu ndi othyola tiyi a ku Thyolo apatsidwe mipando pa bwalolo kuyambira tsiku loyamba.