Kakonzedwe ka nkhani yaifupi

Nkhani yaifupi imayamba ndi munthu mmodzi amene akufuna chinthu chimodzi, koma pali chomutchinga. Ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, munthuyo angakhale mlimi wa fodya amene anatenga feteleza pangongole, mvula n'kudula mu Januwale, mwana naye akudikira yunifomu ya sukulu. Zimenezi zakwana kale kukhala nkhani. Mlembi amayenera kudziwa mathero asanalembe chiganizo choyamba, apo ayi amangozungulira mpaka pepala kudzaza.

Chiyambi sichifuna kuchedwa. Wokamba nthano akati "Padangokhala," omvera n'kuvomera "Tili tonse," Kalulu amakhala walowa kale m'mavuto. Nkhani yolembedwa ilibe ovomera, choncho ndime yoyamba ndiyo imagwira owerenga: mlimi uja ali pachigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, akusankha masamba uku akuwerengera mumtima kuti mabelo ake sabweza ngongole yonse.

Anthu a m'nkhani amalankhula monga amalankhulira kumsika, Chichewa chothira mawu a Chipwitikizi apa ndi apo. Olemba ongoyamba kumene amaphonya pomwepa, mlimi amamulankhulitsa ngati mphunzitsi.

Ulaliki umapha nkhani. Luís Bernardo Honwana, m'buku lake la 1964, Nós Matámos o Cão-Tinhoso, anaonetsa nkhanza za atsamunda kudzera m'maso mwa ana, kuweruza n'kusiyira owerenga.

Akamaliza kulemba, mlembi amawerenga mokweza, n'kudula ndime iliyonse imene siikupititsa nkhani patsogolo.