Kwa Mdzukulu Wanga ku Germany: Za Mawu Akuti Schwarz

Mdzukulu wanga,

Ndikulembera m'Chichewa poti unakulira ku Lilongwe, ndipo Chitumbuka chako chimathera pa "monire". Kuno ku Champhira tadzuka, chimanga chamasula ngayaye.

Tsiku lija pafoni unadandaula kuti kumeneko wokwera sitima osalipira amati akuchita schwarzfahren, ganyu yozembera msonkho amati Schwarzarbeit. Unafunsa kuti, "Agogo, bwanji choipa chilichonse amachitcha chakuda?" Sindinagone. Mawu amenewo ndinawamvapo kale, kungoti anavala malaya ena.

Achimwene anga anapita ku Joni ndi Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi anyamata athu. Anabwerako ndi wailesi, jekete, chifuwa chosatha, ndi liwu limodzi lomwe ankalitchula ngati akulavula: swart. Ndi Chiafrikaans chimenecho, mwana wa Chidatchi. Adatchi amati zwart, ku Sweden svart, ku Denmark sort. Onsewa ndi a bere limodzi ndi schwarz wakoyo. Angerezi anasankha black, koma mbale wakaleyo akadabisala mu swarthy, kunena munthu woderako khungu.

Ku South Africa liwuli analinola ngati mkondo. Pachisankho cha 1929, chipani cha Hertzog chinaopseza azungu ndi swart gevaar, kutanthauza kuti anthu akuda ndi chiopsezo. Achimwene akamva swart, ankadziwa kuti pali khomo lomwe saloledwa kulowa. Choncho kuwawa kwako sindikukupeputsa.

Koma anyani amasekana zikundu. Tamvera Chichewa chathu. Dzuwa likalowa timati kwada. Malaya akachita litsiro timati ada. Mnzako akakusungira chidani umati amandida. Mwana akachedwa kubwera timada nkhawa, monga Atumbuka amafipa mtima, pamene munthu wakuda amamutcha mufipa. Kodi mlendo wophunzira chilankhulo chathu sanganene kuti timadzitukwana tokha? Chikhalirecho ife tikudziwa kuti zambiri mwa izi zinabadwa ndi usiku, nthawi yomwe zinthu zimachitika mobisa. Ndikuganiza kuti wokwera sitima wakoyo nayenso ndi wa mumdima, osati wa khungu.

Ndiponso kuda sikukhala koipa nthawi zonse. Mitambo ikada bii cha ku Viphya, agogo ako aakazi amathamangira kukaanula ufa akumwetulira. Dimba lathu timalikonda chifukwa cha dothi lake lakuda. Ajeremani nawonso amanyadira nkhalango yawo ya Schwarzwald ndi buledi wawo wa Schwarzbrot. Ukadutsa pa ofesi ya boma, kweza maso: pa mbendera yawo mtundu wakuda uli pamwamba, monganso pa yathu ya 1964, pomwe dzuwa likutulukira.

Tsono uzimvetsera pakamwa potuluka liwulo. Wina akalinena momwe ankalinenera akapitawo a kumigodi, usamuweramire. Muyankhe m'chilankhulo chake chomwecho, n'chifukwa chake ukuchiphunzira. Koma akakhala wogulitsa buledi, gula, udye, undiuze ngati akuposa chigumu.

Ndipo tikiti ya sitima uzigula, iwe. Ndisadzamve kuti mdzukulu wa ku Champhira wagwidwa akukwera mwakuda.

Ndine agogo ako,
ku Champhira, Mzimba