Ophunzira za Miyala ndi Zitsime za Kwathu

Mwa maphunziro onse amene ana athu amabwera nawo kuchokera ku sukulu za ukachenjede, palibe ovuta kufotokozera makolo monga maphunziro a miyala ndi nthaka. Kuno ku Kawale mwana akati waphunzira udokotala, onse amamva, koma akati waphunzira za miyala, anthu amaloza amayi aja okhala m'mbali mwa msewu ndi nyundo zawo, akuphwanya miyala ya konkire, nati, "Nanga awa anapita ku koleji iti?" Mawu amenewa ndinawamva akunenedwa kwa mwana wa mlongo wanga, ndipo sanandikondweretse.

Njira za mnyamata kapena mtsikana wotere ndi zowerengeka. Akatsiriza ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kapena ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, amayamba wayang'ana ku nthambi ya boma yofufuza za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba komweko; koma malo a ntchito kumeneko sapezeka chaka ndi chaka. Ena amapita kunja kukawonjezera maphunziro. Ambiri mtima wawo uli ku migodi, ndipo sindiwadzudzula, pakuti mbiri yake yamveka ponseponse. Ndege za Kauniuni zija zinauluka dziko lonse cha mu 2013 ndi 2014 kuyesa zimene zili pansi. Ku Kasiya, m'boma lathu lino la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals inapeza miyala yambiri ya rutile ndi graphite. Komatu ntchito ya mgodi imatsata mtengo wa ku misika yakutali. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, nuimitsidwa mu 2014 mtengo utagwa, ndipo sunadzukenso kufikira 2025. Kodi munthu wa banja angadikire zaka khumi ndi chimodzi?

Tsono ndikumbutse anzanga achinyamatawa za Frank Dixey, amene anakhala katswiri wa boma wa za miyala m'dziko la Nyasaland kuyambira 1921 kufikira 1939. Iye anayendadi m'mapiri kuyesa matanthwe, koma mu 1931 anatulutsa buku la kapezedwe ka madzi ndi kakumbidwe ka zitsime, pakuti anaona kuti chimene anthu anali kuchisowa tsiku ndi tsiku ndicho madzi abwino.

Kusowa kumeneko sikunathe, ndipo kuli pakhomo pathu. Ku Mgona ndi ku Chinsapo madzi a m'mipopi safika nyumba zonse. Munthu amakumba chitsime kuseri kwa nyumba, ndipo mapazi owerengeka kuchokera pamenepo pali chimbudzi cha mnzake. Pansi pa mzinda uno pali thanthwe lakalekale limene pamwamba pake panafumbutuka, ndipo madzi amayenda pang'onopang'ono m'menemo, osasamala za mpanda wa munthu. Dzinja likafika madzi a pansiwo amakwera, nakumana ndi zonyansa za m'maenje, nazitengera ku chitsime. Madziwo m'chidebe amaoneka oyera ndithu. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali mwa maboma amene anazunzika koposa.

Kudziwa kumene madzi a pansi akulowera, ndi kuya kwake, ndi mtunda woyenera pakati pa chimbudzi ndi chitsime pa nthaka yakutiyakuti, imeneyo ndiyo ntchito ya ophunzira za miyala. Namwino amaona wodwala atamwa kale. Zipangizo zoyambira si zamtengo wapatali: chingwe choyesera kuya, mabotolo otengera madzi kukapima, ndi kope lolembamo chitsime chilichonse mwezi ndi mwezi. Chosowa ndi womulemba ntchito mwanayo ndi kumulipira pakutha pa mwezi, ndipo ine ndiyesa kuti khonsolo ya mzinda ndi mabungwe okumba mijigo ndiwo oyenera kuyamba.